Timabowo Tinayi ta Pansi pa Chitseko

Lolemba, 14 Okutobala

Mwana wanga Solvej waimbanso. Akuti abwera Lamulungu ndi mapepala a nyumba ija yosanja imene akufuna ndisamukiremo mumzinda wa Aarhus, pafupi ndi kwake. Akuti mayi wa zaka 68 sangalowe m'nyengo yozizira m'nyumba yokhala ndi chibowo pakhoma. Sakunama, n'chifukwa chake zandipsetsa mtima.

Chibowocho anaboola ndi bambo ake, a Ejvind, mu Malichi. Ankafuna chitseko chopinda cha magalasi atatu choyang'ana kunyanja. Felemu anaika, njanji ya pansi anaika. Mu Epulo tinawaika iwowo m'manda. Kuyambira pamenepo pali pulaiwudi ndi pulasitiki, magalasi atsamira kuseri kwa sofa.

Ndamuuza kuti akadzapeza pansi pouma, mapepala abwerere nawo. Wavomera mwachangu kwambiri. Sakukhulupirira.

Lachiwiri, 15

Galasi limodzi lalowa. Ndekha, ndi jeki ya galimoto ndi matabwa awiri. Msana ukudandaula. Ndinatembenuka kuti ndinene "gwirani apo", kenako ndinakumbuka.

Lachitatu, 16

Onse atatu ali m'malo. Lapakati linkakhula, ndasewera ndi mahinji masana onse mpaka kadontho ka levulo kakhala pakati. Likupindika bwinobwino ngati chinsalu. Ndalitsegula ndi kulitseka kasanu, popanda woonerera.

A Thorkild, aneba athu, adutsa pa thirakitala. Zaka khumi ndi chimodzi chikanganirane ndi a Ejvind za mpanda wa mitengo, sitilankhulana. Kuno moni ndi kukweza chala chimodzi pachiwongolero, koma ife ngakhale chalacho anatimana. Kumaliro anabwera, anaima kumbuyo, khofi sanamwe. Lero anachepetsa liwiro n'kuyang'ana chitseko. Ine ndinayang'ana levulo.

Wailesi ikuti mkuntho wa kumadzulo ufika Lachisanu.

Lachinayi, 17

Tsiku lomata. Labala m'mbali monse, thovu m'mipata ya khoma, silikoni pamwamba pake. Mphepo ya kuno imalowa ngakhale pa diso la singano, ndiye sindinasiye kanthu. Kunja kwa njanji ya pansi ndinapeza timabowo tinayi. Ndinati a Ejvind inu, mmisiri wathunthu kusiya zoterezi? Ndamata tonse, n'kusalaza ndi chala.

Ndadya buledi wakuda ndi nsomba nditaimirira. Tebulo lakula kwambiri masiku ano.

Lachisanu, 18

Yafika cha m'ma 2 koloko masana, mvula yoyenda chopingasa. Poyamba ndinanyada, mphepo sinalowe ngakhale pang'ono. Kenako ndinamva sokosi yanyowa.

Madzi akudzaza njanji n'kusefukira m'kati, pamatabwa amene a Ejvind anapala ndi manja awo. Matawulo onse atha. Ndawonjezera silikoni, palibe chasintha. Ndafinya, ndafinya, mpaka ndinangokhala pansi pamadzipo n'kulira. Ndinawatukwana a Ejvind chifukwa chofa asanamalize. Mulungu andikhululukire.

Nambala ya Solvej ndinaitsegula kawiri. Ndimati ndingonena kuti bwera nawo mapepalawo.

Loweruka, 19

Mvula sinaleke. Ndinavala jekete la a Ejvind n'kudutsa pampanda uja. Masitepe makumi anayi okha, zaka khumi ndi chimodzi.

A Thorkild anatsegula, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana jekete. Ndinati madzi akulowa. Anangotenga chipewa.

Anagwada panja pamvula, mawondo akulira, n'kusisita njanji ndi chala.

"A Bodil, timabowo ta apa tapita kuti?"

Ndinati ndamata, ndipo ndamata bwino.

"Kumata mwamatadi. Koma amenewa ndi makomo otulukira madzi. Chitseko chotere sichikana mvula yonse, ina imalowa m'njanji n'kutuluka. Inu mwaitsekera m'nyumba."

Anatulutsa kamsomali m'thumba n'kuyamba kutokosa. Bowo loyamba litatseguka, madzi anathamanga kunja ngati mwana wotuluka kusukulu. Manyazi anandigwira, koma ndinaseka, koyamba chichokere Epulo.

Anayesa chitseko, kupinda, kutambasula, n'kufunsa amene anapachika magalasi. Nditatchula jeki anayang'ananso magalasiwo. Kenako anati, "Si choipa kwenikweni." Kwa munthu wa kuno, kumeneko n'kuimba nthungululu.

Khofi anamwa ataimirira, jekete osavula. Potuluka anati mpanda uja unali kumbali yawo ndithu. Ndinati unali kwathu. Anati tiona.

Ndayatsa chotenthetsera kuti matabwa aume. Patsala banga lakuda pakona.

Lamulungu, 20

Mvula ikugwabe. Solvej wafika ndi chikwama chake chachikopa, mapepala aja ali m'menemo. Anavula nsapato, n'kuyenda ndi masokosi m'mbali mwa chitseko, uku ndi uku, ngati bambo ake. Anakweza phazi n'kugwira sokosi. Youma. Banga analiona n'kulipitirira.

"Amayi, mwachita nokha zimenezi?"

Bodza linali pakamwa kale. Ndinati magalasi ndekha, koma madzi anatulutsa ndi a Thorkild.

"A Thorkild ake ati? A mpanda?"

Nthawi yomweyo thirakitala inadutsa. Kudzera m'magalasi onse atatu tinaona chala chimodzi chikukwera pachiwongolero. Ndinakweza changa.

Solvej anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankhira chikwama pansi pa mpando n'kufunsa ngati m'nyumba muno muli keke.