Muwauze Bambo Kuti Ndinalipo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Pa foni ndinalephera kukufotokozerani, ndiye ndati ndilembe. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi kuti ifike msanga.

Mukudziwa kuti chichokereni kwathu zaka zitatu zapitazo, bambo sanandilankhulepo. Anati ndapita ndekha, ndidzabwerenso ndekha. Tsono mutandiuza kuti eni ake apempha kundiona asanalowe ku opaleshoni, ndinangokhala pansi pa masitepe a kuntchito, mopu ali m'manja. Tchuthi mabwana anandikaniza. Munati mu wodi yawo mafoni salowa, alendo amathera pazenera, koma pali kanema wa chipatala wolankhulirapo ndi abale, mphindi khumi ndi zisanu wodwala aliyense. Foni yanga yokalambayi inakana pulogalamu yawo, koma sindinade nkhawa. Si ine kodi amene ndimapukuta zipinda zisanu ndi chimodzi za misonkhano m'mawa uliwonse, chilichonse chili ndi kanema wamkulu ngati chitseko? Mabwana amalankhulira pamenepo ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, mpaka kumamvana kutsokomola.

Ndinapempha mkulu wosamalira makinawo, timangomuti Mawaya. Ndi wokalipa, koma mtima ali nawo. Atawerenga uthenga wa chipatala anayamba kukanda m'mutu. Anati makina athu ndi a kampani ina, a chipatala ndi a inanso, ndipo opanga ake anachitira dala kuti alionse azimvana ndi abale ake okhaokha. Achilendo akagogoda, nthawi zina chithunzi chimadutsa mawu n'kutsala, nthawi zina zonse zimakanika. Ndinamufunsa ngati makina nawonso amasungirana chakukhosi ngati a m'banja mwathu. Sanaseke.

Lachiwiri masana anandipezera kachipinda ka kumapeto, kotchedwa Chipinda 6. Ndinavula yunifolomu, n'kuvala bulauzi yobiriwira imene anandisokera malemu amayi, kuti bambo akaizindikire.

Kanema anayaka, ndipo ndinawaona, achimwene. Atha thupi, khosi langotsala mitsempha. Anali pa mpando wa matayala, tsitsi atapesa, jekete yawo yotuwa ija ataivala pamwamba pa chovala cha chipatala. Ndinawapatsa moni. Anangoyang'ana. Ndinakweza mawu, ndinagwedeza manja, mpaka ndinamenya kanemayo ndi chikhatho, ine amene ndimakalipira anthu osiyapo zala. Kwa iwo kunali mdima wokhawokha ndi malemba akuti Chipinda 6. Ndinamva namwino akuwawerengera malembawo, n'kunena kuti mwina ndi ofesi ina yasokera. Mawaya anakwawira pansi pa tebulo, kuzula ichi, kulumikiza icho. Anaimbira a kampani ya makina athu, iwo anati vuto si lawo, ndi la enawo. Foni ya chipatala inangolira osayankhidwa.

Bambo anadikira mphindi zonsezo. Kawiri konse anakonza kolala. Namwino atati nthawi yatha, anapempha awonjezereko pang'ono, ati mwana wawo sachedwa dala. Namwino anawonjezera. Kenako bambo anati:

"Mwina ntchito yamuchulukira. Kapena akadali nazo kumtima. Tiyeni, mayi."

Namwino anatembenuza mpando wawo ine ndikuona, ndikukuwa m'chipinda chimene anachimanga kuti mawu asamatuluke. Ndinalira mpaka Mawaya anatuluka n'kunditsekera chitseko. Chimene chikundiwawa si makinawo ayi. N'chakuti bambo anadzichepetsa koyamba m'moyo wawo, ndipo akuganiza kuti ndinawakana.

Mawaya wati tiyesanso Lachinayi la sabata yamawa, koma wanena kuti asandinamize, zikhoza kukhala chimodzimodzi. Walembera makampani onse awiri, onse ayankha mwaulemu kuti akuiona nkhaniyo. Opaleshoni ndi Lachisanu lake. Ine pano manja ali lende, ndimangopukuta makanema aja m'mawa n'kumawayang'ana.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani pazenera paja, mupemphe namwino awafikitsire mawu anga, kuti ndinalipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bambo mukuwadziwa, adzati mukungondiikira kumbuyo. Akatero muwauze kuti anaphonya batani lapamwamba, jekete inatsika mbali imodzi, ndipo m'dzanja lamanzere anafumbata kampango ka amayi, ankakabisa namwino akayandikira. Zimenezi inu simunazione, namwino sakudziwa mwini kampangoko. Adzakhulupirira.

Ndipo Lachinayi akaonanso mdima ndi malemba aja, asachoke. Chipinda 6 ndine. Alankhule zonse zimene anandisungira, ngakhale zondikalipira. Kuyankha mwina sindidzatha, koma ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amalume muwathokoze chifukwa chogona pa benchi ya chipatala masiku onsewa. Lachinayilo wina awamangire bwino mabatani bambo, ndidzakhala ndikuona.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa bambo