Konkire pa Mpeni wa Achimwene

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi akudzuka bwanji? Miyendo ija yaphwako? Ine kuno ndilipo, kungoti m'manja muli matuza okhaokha, ndipo zala zikununkha viniga. Mumva chifukwa chake.

Ndiyambe ndi tsiku lija, pakuti kumaliro sindinakuuzeni zonse. Linali Lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Ndinali pamakwerero m'sitolo yathu ya mabuku, ndikuika madikishonale pashelefu yapamwamba, foni n'kulira. Anali akapitawo a kuntchito kwa achimwene. Anandifunsa kawiri ngati ndine mng'ono wa mmisiri wawo, kenaka anati ndipite kuchipatala koma ndisachite kuthamanga. Mawu omalizawo ndinawamva bwino. Ndinatsika dikishonale ili m'manja, ndipo ndinakafika nayo mpaka kuchipatala osazindikira.

Inu ndi amayi ndinakuuzani kuti achimwene anaweruka bwinobwino, anatsuka zida zawo, anakhala pamthunzi, n'kugona osadzukanso. Linali bodza, achemwali. Amayi atandigwira dzanja n'kundifunsa ngati mwana wawo anavutika, m'kamwa mwanga munatuluka zimenezo. Zoona zake n'zakuti anagwa ali pantchito, atagwada, akusalaza konkire ya masitepe. Mtima unangoima. Anagwa chafufumimba, dzanja ndi mpeni wawo womangira zinalowa m'konkire yaiwisi. Adokotala anati sanamve ululu nthawi yaitali, ndipo pamenepo pokha ndi pamene sindinaname.

Tsono mukukumbukira zimene amayi anapempha ndikutsazika. Anati zovala ndigawe mmene ndingaonere, wailesi ndisunge, koma mpeni womangira uja, umene unali wa malemu bambo usanakhale wa achimwene, ubwerere kumudzi. Ndinavomera mosaganiza. Ndimati ndikaupeza m'thumba la zida uli waukhondo ngati masiku onse.

M'thumbamo munalibe. Ndinapita kuntchito kwawo, akapitawo n'kukanditengera kuseri kwa shedi yosungiramo simenti, pamulu wa njerwa zosweka. Achemwali, chimene anandipatsa sichinali mpeni ayi, unali mwala wokhala ndi kamphuno kachitsulo. Konkire inauma kuyambira kunsonga mpaka kuchogwirira, miyala yake ili tuu. Tsiku lija anauzula m'masitepe n'kuuponya pambali, ndipo unakhala pamenepo masabata awiri.

Ndinawafunsa ngati mwa anthu khumi ndi awiri amene anagwira ntchito ndi achimwene zaka zisanu ndi chimodzi panalibe ngakhale mmodzi wothirapo kapu ya madzi. Akapitawo anati tsikulo manja onse ananyamula munthu, ndipo m'mawa mwake aliyense amaopa kuukhudza. Ndinanyamula mpeniwo, koma mtima unapsabe mpaka kunyumba.

Inu mukulidziwa lamulo la bambo, lakuti mmisiri sasamba mpeni wake usanasambe. Achimwene analitenga lonse. Ankafika pano madzulo atatuwa ngati atuluka m'chigayo, koma mpeni uli ngwee, wokulungidwa m'nsanza ya mafuta. Ndipo amayi ndi amene ankathirira bambo madzi potsuka, zaka makumi atatu. Chida amachiwerenga mmene ine ndimawerengera buku. Akangouona chonchi adziwa kuti mwana wawo sanaweruke. Choncho ndinaganiza zoutsuka mpaka uwale, kuti bodza langa lifike kumudzi lili lonse.

Choyamba ndinachita zimene munthu aliyense wotsuka mbale angachite. Ndinauviika m'ndowa ya madzi masiku atatu, ndikusintha madzi m'mawa uliwonse ngati ndikusamala duwa. Tsiku lachitatu akapitawo anabwera kudzasiya nsapato za achimwene. Atasuzumira m'ndowamo anaseka mpaka kugwira chitseko, kenaka n'kupepesa pokumbukira kuti pakhomo pali chisoni. Akuti madzi ndiwo chakudya cha konkire, n'chifukwa chake amisiri amathirira zimene amanga. Akuti achimwene akanauka akanandilemba ntchito yothirira, pakuti konkire yanga yakhwima kuposa ya masitepe omwe aja. Ine mwana wa mmisiri, mng'ono wa mmisiri, wogulitsa mabuku zaka khumi ndi zitatu! Ndawerenga za nyanja zozizira ndi za mafumu amene mafupa awo anasanduka fumbi kalekale, koma zimene bambo ankachita ndi ndowa m'mawa uliwonse sindinazifunse n'kamodzi komwe.

Nkhani itamveka, pabwalo ponse panasanduka amisiri. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu ya pano ikhoza kuligwetsa.

Eni nyumba anati ndiuponye pambaula, konkire iphulika yokha. Ndinawafunsa za chogwirira chamtengo, iwo anati chogwirira n'chogula. Mayi wa chipinda choyandikana nane, wogulitsa masamba uja, anati ndipake sopo ndi phulusa, akuti mapoto ake onse amamvera zimenezo. Ndinapaka kuti ndisawakhumudwitse. Mwalawo unangokhala woyera bwino. Makaniko wa kuseri anabwera ndi asidi wa m'batire m'kabotolo, akuti madontho awiri basi. Dontho limodzi linagwera pakonkire n'kuchita thovu pang'ono, lachiwiri linagwera pa thalauza langa lopitira kuntchito. Tsopano lili ndi zenera pabondo. Makanikoyo anati ndithokoze kuti silinagwere pamwamba pang'ono, mtundu wathu ukanathera pomwepo. Anthu anaseka, ine ndinalowa m'nyumba.

Loweruka ndinapita nawo kwa wowotcherera zitsulo. Anayatsa makina ake opalira aja, moto uli thethethe, n'kunena kuti mphindi ziwiri zikwana. Ndinamufunsa ngati makinawo amadziwa pamene konkire yathera ndi pamene chitsulo chayambira. Anati amadziwa akamva fungo. Ndinaulanda m'manja mwake. Mpeni umenewu unadyeka kale mbali imodzi ndi njerwa za bambo ndi za achimwene, watsala wopyapyala ngati tsamba. Wowotchererayo anandikuwira ndikuchoka kuti abwana a mabuku akauwerengere ndakatulo, mwina konkire imva chisoni.

Ndinafika kunyumba nditakwiya ndi aliyense. Ndinakwiya ndi akapitawo, ndi makaniko, ndi mabuku anga amene adzaza chipinda koma palibe limodzi londithandiza. Ndinakwiyanso ndi achimwene. M'thumba la jekete lawo ndinapezamo mapiritsi a mtima, osatsegula n'komwe, a miyezi itatu yapitayo. Munkadziwa inu? Munthu wosalola chitsulo kugona ndi kadontho ka matope, koma thupi lake kulilekerera chonchi! Ankabwera pano Lamlungu lililonse kudzandiseka kuti ndili ndi manja a pepala, kudzamwa tiyi wanga n'kumanena kuti ndi madzi otsukira makapu, osanena n'kamodzi komwe kuti pachifuwa pakupweteka. Ndiye andisiyira ntchito ya manja, ine yemweyo wa manja a pepala. Ndinatenga hamala ya eni nyumba n'kumenya kawiri ndi mtima wonse. Kachiwiriko ndinaphonya, ndinadzimenya chala. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo sindinganene kuti chinandiliza n'chala.

Lamlungu masana kunabwera mkulu wina wa imvi, mmisiri mnzawo wa achimwene, amene kuntchito amangomutchula kuti Levulo chifukwa diso lake silifuna choyezera. Anamva kwa akapitawo za ndowa ija. Sanandiseke. Anapempha thabwa, hamala yaing'ono ndi mpando. Anagoneka mpeniwo pathabwa n'kuyamba kugogoda pang'onopang'ono cha m'mphepete, ngati munthu wogogoda pakhomo pa apongozi. Anandiuza kuti chitsulo chimapindika koma konkire siipindika, choncho usalimbane ndi mwalawo, ungogwedeza chitsulo mpaka ziwirizo zitatopetsana. Anagogoda, n'kupinda mpeniwo pang'ono ndi manja, n'kugogodanso. Posakhalitsa kunamveka kuti the, chibenthu chachikulu ngati chikhatho n'kugwa pansi, chitsulo n'kuonekera.

Zotsalira zomatirira anati ndiviike m'viniga tsiku limodzi, chitsulo chokha, chogwirira chikhale kunja. Kenaka ndipale ndi bulashi ya waya, nditsukuluze, ndikhule ndi chibenthu cha njerwa ndi mchenga wosefa, ndipukute mpaka kuuma, ndipake mafuta a makina kuti dzimbiri lisalowe. Ndachita zimenezo masiku atatu ndikaweruka. Matuza aja achokera pamenepo. Mayi wa masamba akuti pabwalo ponse pakununkha ngati ndatsegula fakitale, ndipo eni nyumba akufuna beseni lawo limene ndinaviikiramo. Koma chitsulo chayera, achemwali. Ngakhale chilembo chimene bambo anakhoma ndi msomali pafupi ndi khosi chaonekanso.

Panatsala chibuma chimodzi, chozungulira chogwirira. A Levulo anabweranso dzulo kuti timalize. Anautembenuza kuti aone poyambira, n'kuima. Anaika hamala pansi, n'kundipatsa mpeniwo.

Pansi pa chogwiriracho, pamene ine sindinayang'anepo bwino masiku onsewa chifukwa chotanganidwa ndi mkwiyo, konkire inauma ndi maenje a zala. Chala chachikulu mbali iyi, mbali inayo zitatu. Zitatu zokha. Mukukumbukira chala chaching'ono chija chinatsala pansi pa njerwa achimwene ali ndi zaka khumi, amayi n'kuwabereka kumbuyo mpaka kuchipatala ngakhale anali atatalika kale. Ndinalowetsamo zala zanga. Maenjewo ndi aakulu, zanga zimangosambiramo, ndipo chaching'ono changa chinasowa pokhala.

A Levulo anati iwo akhoza kuchotsa chibumacho ndi kugogoda kutatu, koma dzanja lawo silichita zimenezo, ndikafuna ndigogode ndekha. Anaonjeza kuti masitepe aja anawamaliza iwo, ndipo mbali imene achimwene anali atasalaza kale sanaikhudze, pakuti panalibe chokonza. Anati munthuyo anagwa ntchito ili yowongoka, nanga chobisa n'chiyani pamenepo?

Hamala ndinaigwira, achemwali. Ndikanagogoda katatu, bodza langa likanakhala bwinobwino mpaka kalekale. Ndalephera. Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi konkire imeneyi, kuitukwana, kuithira asidi, lero ndikuiteteza ngati dzira. Ndaikulunga m'malaya a achimwene kuti isabenthuke.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Alamu akudutsa kuno ndi lole Loweruka, ndipo mpeniwu ndiwapatsira. Kalatayi ndapatsira aphunzitsi a kwathu aja, akukwera basi mawa, kuti iyambe ndiyo kufika. Pafoni sindikanatha, pakuti amayi amakhala pambali panu kumvetsera. Chonde khalani nawo pansi Loweruka lisanafike, muwauze mmene mwana wawo anapitira. Muwauze kuti anagwa atagwada pantchito, mpeni wa bambo uli m'manja, ndipo sanauponye. Muwauzenso kuti wonama ndine, inu simunadziwe kanthu. Akafuna kundikalipira, mundiimbire, ndidzamvetsera mpaka amalize. Asadzamve kwa chitsulo zimene ana awo tinayenera kuwauza ndi pakamwa.

Akadzauona n'kufuna kuti chibumacho chichoke, musalole aliyense kuuika pamoto kapena m'madzi. Mudikire ndidzabwere pa tchuthi, ndidzagogoda ndekha, tsopano ndikudziwa. Akafuna chikhale, chikhale.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu, muwauze kuti phukusili asaliike kumbuyo pamodzi ndi matumba, likhale kutsogolo pampando. Moni kwa azakhali ndi kwa amalume, amene anatigwira mkono pa maliro. Ana muwauze kuti mabuku a zithunzi aja sindinaiwale, abwera ndi lole yomweyo.

Chipinda cha achimwene ndabweza kwa eni ake, zovala ndagawa. Kuno kwatsala wailesi, nsapato zawo kuseri kwa chitseko, ndi mpeni patebulo, chitsulo chili choyera, chogwirira chili ndi zala zawo zinayi.

Ndine mlongo wanu,
Wa manja a pepala