Angelo Akuchepa Pakhoma

Bologna, 4 Malichi 1755
Mvula. Denga likudontha malo asanu, ndowa zitatu zokha. Wafika Mjeremani uja, a Oberkamp, wotumidwa ndi Kalonga wa kwawo. Akuti bwanayo wamanga nyumba ya zipinda makumi anayi yoonetseramo zithunzi zakale, koma makoma ali mbee. Tsono akutola za ife osauka. Akufuna chathu cha Maria Woyera akukwera kumwamba. Zekini 900, ndalama zagolide. Popanda ndalamazo mdzukulu wanga Ginevra sakwatiwa (kuno mkwatibwi ndiye amabwera ndi chuma), apita kwa masisitere.

7 Malichi
A Oberkamp anaima pa chithunzicho ola lathunthu. Misozi chuchuchu! Akuti dzanja lotere linafa zaka mazana awiri zapitazo, silidzabadwanso. Adya masoseji anga anayi akulira. Mwana wanga Ottavio: "Amayi, chonde, zowerenga angelo zanuzo ayi pamaso pa mlendo."

10 Malichi
Ndawerengabe. Angelo khumi ndi mmodzi. Ndikulowa m'nyumba muno ngati mkwatibwi anali khumi ndi awiri. Mmodzi anasowa chaka chimene malemu amuna anga anagwa pa njuga n'kunditumiza kumudzi miyezi itatu, "ukapumeko, mkazi wanga." Sindinafunse.

15 Malichi
Mwambo wa mabanja aulemu kuno: ukagulitsa chithunzi, jambulitsa chofanana nacho, upachike pomwepo, anansi asadziwe. Wabwera nkhalamba Bastiano, wojambula, ndi utoto wake. Wayang'ana chithunzi, wayang'ana ine, wakhosomola. "Mayi, ichi sichindivuta. Dzanja likuchikumbukira." Ndamuthirira vinyo mpaka kusefukira. Pakamwa podzaza sipalankhula.

22 Malichi
A Oberkamp andifunsa ngati chithunzichi chinachotsedwapo pakhoma. Ginevra ataima pachitseko, watumbuluka ngati kandulo. Ndati, "Ine ndikuona, ayi." Si bodza. Asaina.

2 Epulo
Chapita, m'bokosi la udzu, pangolo ya abulu anayi. Zekini 900, ndawerenga kawiri, ndaluma zitatu. Golide yekha ndiye weniweni. Ukwati pa 20 Meyi.

Akuti Kalonga adzachipachika m'chipinda choyamba, ophunzira azidzavula zipewa. Avule. Bastiano nayenso ndi mwana wa Mulungu.

Chatsopano chakwera pakhoma, chikununkha utoto. Mlamu wanga Clelia wachiyang'ana, manja pachifuwa: "Koma zinthu zakale, alamu! Amisiri a lero angathe?"

Angelo khumi. Maso a Bastiano atha. Tikapitiriza chonchi, Maria adzakwera kumwamba yekha.