Uthenga wa Masekondi Makumi Anayi

Lolemba, 10 Malichi

Mvula chiyambire mbandakucha. Odwala ochepa, misewu ya ku Kaporo kuno matope okhaokha. A malungo asanu ndi atatu, mwana mmodzi wopsa ndi phala.

Nditaweruka, kwa Tusekile monga mwa masiku onse, kukaonera sewero la pa kanema la Binti wa Forodha. Azimayi asanu ndi mmodzi pamkeka, iye kutimasulira pomwe Chiswahili chatithawa. Zaka zitatu ndili kuno, nesi wochokera ku Ntcheu, mnzanga weniweni ndi yekhayu. Lero waseka koyamba chimwalirireni mwamuna wake Manase mwezi watha.

M'seweromo bwana Hamisi wafa. Wagwera patebulo, thovu kukamwa. Mkangano pomwepo. Febby, wosoka zovala uja, akuti wapha ndi dalaivala, chifukwa bwanayo anamutukwana pamaso pa antchito. Tusekile akuti ndi mwana wopeza, akufuna malole. Onse akuphonya. Ndi mkazi wake, Zuhura. Magawo atatu tsopano kamera ikumangoima pa manja ake akamatakasa tiyi. Wolemba sachita zimenezo pachabe.

Lachitatu, 12 Malichi

Pagulu lathu la pafoni pali moto. Tafika anthu makumi anayi ndi atatu, ena sindiwadziwa n'komwe. Oloza dalaivala ndi oloza mwana wopeza kutukwanana tsiku lonse. Wina wamunena Febby kuti amaonera ndi mapazi. Wina akuti bwanayo sanafe, adzadzuka gawo lomaliza. Zamkutu.

Nthawi yopuma ndajambula mawu anga, masekondi makumi anayi. Ndinati: "Inu, ine ndine nesi, ndikudziwa chimene ndikunena. Bambo uja sanafe ndi matenda. Wamupha ndi mkazi wake. Amamuthirira mankhwala mu tiyi pang'onopang'ono. Misozi ija pamaliro inali yabodza."

Mayina sindinatchule. Ndi ndani pagulupo sadziwa Zuhura? Tusekile wayankha: "Iwe ndiwe wapolisi wolephera." Ndaseka ndekha m'chipinda chobayira.

Lachisanu, 14 Malichi

Kumsika maso onse pa ine. Mayi wa tomato wandigwira dzanja, kundithokoza m'chinenero chakuno. "Ndagha anesi, mwachita bwino kuulula." Kuulula chiyani? Wangogwedeza mutu.

Masana Febby wafika kuntchito kwanga. Akuti uthenga wanga uja wafalikira kunja kwa gulu lathu. Anautumiza kwa mchemwali wake kuti aseke, mchemwaliyo anakwatiwa kubanja la a Manase. Tsopano uli m'foni iliyonse. Pamwamba wina walemba: nesi waulula za imfa ya Manase.

Manase anafa ndi shuga. Anasiya mankhwala mu Novembala, ndinamuchonderera kawiri.

Ndaimbira Lughano, mng'ono wa malemu. Ndamufotokozera kuti ndi sewero la pa kanema, abwere ndimuonetse. "Mwayamba kuopa, anesi? Mlamu wanga wakunyengererani eti?" Wadula.

Ndajambula uthenga wina wotsutsa. Umenewo palibe akuutumiza.

Ndauza Tusekile athawire kwa mayi ake ku Ngara. Wakana. Mpunga uli m'munda, ana ali pasukulu. Akuti abale a mwamuna wake akhala akufuna munda umenewo chichitikireni maliro, akachoka ndiye kuti wavomera.

Loweruka, 15 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Cha m'ma teni m'mawa. Phokoso kuchokera kumsika. Ndinathamanga ndi yunifolomu. Anthu mwina zana. Tusekile anali atamukokera kale pabwalo la nyumba yake, atamugwira tsitsi. Lughano patsogolo, chikwanje dzanja lina, foni m'mwamba dzanja lina. Mawu anga akulira pa sipika. Akumumenya, ine ndikubwerezabwereza kuti ndine nesi, ndikudziwa chimene ndikunena.

Njerwa. Mipini ya makasu. Ndinamva mkono wake ukuthyoka ngati nzimbe. Ndinakuwa kuti ndi sewero, ndi Zuhura, ndi za pa kanema! Wina anandipatsa chibakera pakamwa, dzino likugwedera. Ndinadziponya pamwamba pake. Zina zinagwera ine.

Lughano anathira petulo pakhomo ndi m'mazenera. Poyatsa moto unamulumphira dzanja, anathawa akukuwa. Apolisi anafika denga likugwa. Utsi wokhetsa misozi, anthu balalabalala. Ana ake anali atapita kukapitikitsa mbalame kumunda. Mulungu yekha.

Ndasamba kawiri. Magazi ake akadali m'zikhadabo.

Lolemba, 17 Malichi

Ku chipatala chachikulu ku boma, kukaona Tusekile. Mkono wathyoka pawiri, nthiti zitatu, diso lamanzere madokotala sakulonjeza. Ndakhala pambali pa bedi ola lathunthu. Sanandiyang'ane. Ndikunyamuka ndi pamene walankhula: "Fortunate, pabwalo paja panali anthu amene timaonera nawo pamkeka. Ankadziwa. Anangoima."

Za ine sananene kanthu. Bola akanandilavulira.

Kupolisi ndapereka mayina asanu ndi awiri, ndawaonetsa gulu lonse kuyambira pamwamba. Wapolisi wamkazi wawerenga, wandiyang'ana, akuti nayenso amaonera. Agwira anayi. Lughano wasowa, akuti wawoloka mtsinje wa Songwe, watuluka m'dziko.

Pagulu anthu akutuluka mmodzimmodzi mwakachetechete. Febby anali woyamba. Koma wina walembabe lero kuti tidikire gawo la mawa, tiona kuti ndi dalaivala. Pang'ono ndiphwanyire foni kukhoma.

Lachinayi, 20 Malichi

Akuluakulu a kuntchito akuti ndipemphe kusamuka. Amayi kulira pafoni, bwerera kumudzi. Msana kupweteka ndikawerama.

Azimayi ena sakufuna kuti ndiwabaye. Ena akuti ndinanama poyamba, ena akuti ndikunama tsopano. Ndadutsa pabwinja paja. Mbuzi zikunyambita phulusa. Munda wa Tusekile wina wazika kale zikhomo.

Loweruka, 22 Malichi

Wabwera yekha. Masana, mnzanga wa ntchito atapita kukadya. Lughano. Chipewa chofika m'maso, dzanja lokulunga m'chitenje, fungo linalowa iye asanalowe. Sanawoloke n'komwe, amabisala m'misasa ya kuminda. Dzanja latupa mpaka m'chigongono, mafinya kudontha. "Anesi, ndithandizeni. Ndikufa."

Ndinamukhazika pabenchi. Ndinalowa kosungira mankhwala, ndinaimbira apolisi motsitsa mawu. Ndinabwerera ndi thireyi.

Nsalu inali itamatirira pabala. Chochita ndimachidziwa: unyowetse, udikire, uchotse mosamala. Ndaphunzitsapo ena zimenezi. Sindinanyowetse. Ndinagwira nsonga, ndinamuyang'ana m'maso, ndinasolola kamodzi. Khungu linatsatira. Anakuwa mpaka kudzikodzera.

Kenako ndinatsuka bwinobwino, ndinamanga, ndinamubaya jakisoni, ndinalemba kalata yomutumiza ku boma. Apolisi anamupeza ndi bandeji yoyera. Potuluka anandithokoza. Iye, kundithokoza ine.

Onse akuti ndachita bwino, ndine mkazi wolimba mtima. Palibe anaona. Koma Lolemba pabwera mwana wina wopsa, mayi ake adzandipatsa kamkono kake. Ndipo ine ndikudziwa kuti pamene munthu uja ankakuwa, dzanja langa silinanjenjemere. Ndinkafuna patakhala nsalu ina yoti ndisolole.