Chithunzi Chimene Kafufuze Anajambula

Lolemba, 5 Ogasiti

Kafufuze watsopano watuluka lero, patatha miyezi iwiri ndikumukonza. Ndi kapulogalamu kathu ka m'matabuleti a m'zipatala. Tabuleti ikauma, namwino amadina batani lofiira, Kafufuze nkusonkhanitsa za batire, za netiweki ndi pomwe palakwika, nkutumiza kwa ife. Chatsopano n'chakuti tsopano azijambulanso sikirini. Ndatopa nawo mafoni a "yangochita zinazake, tabwerani." Zinazake zake ziti? Munthu kuchoka pa Balaka mpaka ku Nselema, fumbi lonseli, kukangopeza kuti wina waiwala pasiwedi.

Abwana, a Maziko, anafunsa za mayina a odwala pa chithunzicho. Ndinati zobisa mayina ndiika sabata ya mawa, ndipo chithunzi chizingopita ku seva, kompyuta yathu yaikulu. Anavomera ndi mutu ali pa foni ina.

A Sufiyani, mnzanga wa mbali ya Machinga, abwera ndi mtedza wokazinga wochokera kwa akazi awo a Habiba. Sabata ino agona kuno kuti tithandizane za Phalula ndi Nkaya, kwawo abwerera Lachisanu. Akuti, "Achemwali, Kafufuze wanuyu atichotsetsa ntchito, tizikawedza ku Chiuta."

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndalakwa.

Ndinaiwala chinthu chomwe ndimachidziwa bwino lomwe. Netiweki ikavuta, mafayilo sapita ku seva, amakhala mu tabuleti, ndipo anamwino anazolowera kungowaponya pa gulu lathu la WhatsApp. Ndine ndemwe ndinawaphunzitsa zimenezo chaka chatha! Fayilo yakale sinkavuta, inali manambala okhaokha. Koma chithunzichi ndinachisiya pachokha kuti tizichiona msanga pa foni.

11:40 a Bernadetta, namwino wa kachipatala ka kufupi ndi Nselema, aponya chithunzi pa gulu. "Yauma apa, thandizeni." Tsamba la zakulera. Dzina lonse la a Habiba, mudzi wawo, jakisoni wa miyezi itatu, kachisanu ndi chinayi kubayitsa. A Bernadetta ndi atsopano kumeneko, sadziwa kuti mayiyo ndi mkazi wa ndani.

A Sufiyani ali pa gulu limenelo.

Amene angafufute ndi wotumiza kapena a Maziko basi. A Maziko ali ku msonkhano ku Zomba, foni yozima. A Bernadetta ndinawaimbira ka 14, anali atapita kukachita sikelo kumudzi kopanda netiweki. Anandiyankha 2 koloko. Ndinati asanafufute aone amene atsegula. Anawerenga mayina mmodzimmodzi. Wachinayi, Sufiyani, 11:52. Kenako anafufuta, koma kufufuta kwake kwa chiyani.

Ndamuzimitsa Kafufuze m'zipatala zonse.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Chomwe chikundidya n'chakuti nkhani yawo ndimaidziwa. Chaka chatha njinga yamoto itaphwa tayala pafupi ndi Ntaja tinakhala pansi pa mtengo wa mango maola awiri, a Sufiyani nkundiuza zonse. Ana ali nawo awiri. Wachiwiriyo anabadwa ndi opaleshoni, a Habiba anataya magazi ambiri mpaka abale anayamba kusonkhana. A Sufiyani akufunabe wachitatu, ndipo zaka ziwiri palibe. Ankakhulupirira kuti vuto ndi iwowo. Anakayezetsa ku Zomba kawiri, amwa zowawa za m'mabotolo za pamsika, anasiya ndi tiyi yemwe chifukwa wina anawauza kuti amafoola. Anati, "Habiba amandilimbitsa mtima, amati tidikire nthawi ya Allah. Mkazi wabwino amene uja."

Lero tinali limodzi ku Phalula kuchotsa Kafufuze watsopano m'matabuleti ndi kubwezera wakale. Anandinyamula pa njinga ngati masiku onse. Anagula chimanga chootcha pamsewu, kundigawira theka. Za chithunzi, ziii. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina foni inangotsegula yokha m'thumba.

Koma nthabwala lero kunalibe ngakhale imodzi. Ndipo masana, pamene anapita kuseri kukaswali, anakhalitsako kuposa kale.

Lachinayi, 8 Ogasiti

M'mawa ndawauza a Maziko zonse. Anagwira mutu. Akuti tilembe lipoti, tinene kuti zambiri za wodwala mmodzi zinaonekera kwa ogwira ntchito asanu ndi anayi kwa maola awiri, ndipo takonza. Wodwala mmodzi. Ndalemba momwemo. Pa funso loti "kodi wokhudzidwa wauzidwa?" ndinasiya popanda kanthu, cholembera chili m'mwamba.

A Maziko akuti tisawayambe a Sufiyani, pakuti tikawafunsa ndiye kuti tatsimikiza kuti tonse tinaona. Ndipo tinaonadi tonse. Pa gulu, pomwe tsiku lililonse pamakhala phokoso la mpira, palibe walembapo kuyambira Lachiwiri.

Masana ndaimbira a Bernadetta. Anawaitanitsa a Habiba kuchipatala ngati kuti pali fomu yosaina, nkuwapatsa foni kuti ndilankhule nawo. Ndinafotokoza mozungulira mpaka iwo anandidula. "Mukunena kuti bambo aona?" Ndinati eya. Ndinkamva mwana wa wina akulira pa benchi. Kenako anati, "Ine ndinasankha Lachiwiri chifukwa ndinadziwa kuti ali kutali ku Balaka. Khadi ndimasungitsa kwa anamwino, kunyumba silifika. Ndinasamala zonse, amayi. Nanga makinawo anandijambula chifukwa chiyani?"

Ndinati tabuleti inauma. Sindinanene kuti amene anawauza makinawo kuti azijambula ndine.

Ndinafunsa ngati akuopa kumenyedwa, kuti tipeze kokafikira. Anati, "Iyayi, aja sanakwezepo dzanja. Ndikuopa nkhope yawo."

Madzulo ndamaliza zobisa mayina. Zanditengera maola atatu okha. Maola atatu! Ndi zimene ndinati zidikire sabata ya mawa.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Nkaya m'mawa. Tabuleti yakumeneko inakana kulandira Kafufuze wokonzedwayo mpaka tinakaima pafupi ndi njanji pomwe netiweki imagwirako. Tili chiimire, mphepo ikutithira fumbi m'maso, a Sufiyani anafunsa osandiyang'ana, "Uyuyu ndiye sajambula mayina?" Ndinati amajambula, koma amadetsa mayina onse. Anati, "Chabwino. Anthu asamaone zosawakhudza."

Ndinati, "Achimwene..." Anakweza dzanja. "Yafika pa 80 peresenti, tiyeni tione ngati imalize."

Inamaliza. Anandisiya pa ofesi 10 koloko, akuti akufuna akapeze swala ya Juma panjira, kenako kunyumba. Mbale ya mtedza ija anaitsuka okha nkuimangirira kumbuyo kwa njinga.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndachapa. Ndasita zovala zomwe zinali zositasita kale. Foni ndaiyang'ana mwina ka 100.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ku Misa sindinamve kalikonse. Ndinafuna kulapa, koma ndikanati chiyani? Bambo, ndinasiya chithunzi kunja kwa fayilo?

A Bernadetta anaimba madzulo. Akuti dzulo kunyumba kwa a Habiba kunafika ankhoswe a mbali zonse, anakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kunalibe kukuwa. Mayi wina woyandikana nawo akuti anangomva mawu a a Sufiyani kamodzi: "Akanandiuza kuti akuopa kufa, ine ndikanakana? Koma ankandiphikira madzi omwera mankhwala aja."

A Bernadetta akulira, akuti ndi iwo anatumiza. Ndawauza kuti anachita zomwe tinawaphunzitsa. Akutinso amayi awiri amene anabayitsa Lachiwiri lomwe lija abwera kudzatenga makadi awo, akuti matabuleti amaulula. Nkhani yafika kale pamsika. Amayi amenewo jakisoni wawo wotsatira akabayitsa kuti, sindikudziwa. Mwina sakabayitsa n'komwe.

Ndikuganiza za a Habiba. Anaona imfa pafupi, nkusankha kukhala ndi moyo kuti alere awiriwo. Anabisa bwinobwino zaka ziwiri, anthu a m'mudzi osadziwa, apongozi osadziwa. Ndabwera ine ndi kutopa kwanga ndi maulendo a fumbi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Zipatala zonse 14 zalandira Kafufuze wokonzedwa. Pa kompyuta yanga mizere yonse yobiriwira. Chithunzi choyamba chabwera kuchokera ku Phalula, mayina onse akuda bii, vuto likuoneka poyera, ndinalikonza pa foni mphindi ziwiri. A Maziko akuti ntchito yabwino.

Cha m'ma 9 ndinamva njinga panja. Ndinasuzumira pawindo. Kumbuyo kwake matiresi opindidwa, omangidwa ndi mphira, chikwama chachikulu, mkeka woswalira, ndi wailesi. A Sufiyani amakhala kwawo kwa akazi awo, nyumba ija anamanga pamalo a apongozi. Zikavuta wochoka ndi mwamuna.

Analowa, kupereka moni kwa aliyense ndi dzanja monga mwa masiku onse. Anapempha a Maziko kiyi wa kachipinda kosungira matabuleti akufa, akuti kwa masiku ochepa, mpaka apeze nyumba ya lendi. A Maziko anapereka osafunsa.

Ndinawatsatira. Ndinawapeza akusuntha makatoni kuti matiresi akwane. Ndinanena zonse, kuti chithunzi chija ndinaika ndine, kuti abwana anandichenjeza, kuti ndinati sabata ya mawa. Anamvetsera atanyamula katoni m'manja.

"Ndikudziwa, achemwali. Dzina lanu lili pansi pa pulogalamuyo." Anaika katoniyo pansi. "Madokotala a ku Zomba anandiyeza kawiri osapeza kanthu. Inu mwapeza tsiku limodzi."

Ndinafunsa za ana. Anati wamkulu anawathandiza kumanga matiresi, ankayesa akupita ku ntchito yakutali.

Kenako anandipempha ndigwire mbali ina ya shelefu, tiikankhire kukhoma. Ndinagwira.