Zikhomo za Agalu Sizigwira Ndege

Darlene,

Ndathamangira ku bwalo la ndege. Orval, wosamalira bwalo uja, wangoimba foni kuti mphepo ya m'mawa uno yazula zikhomo zonse zitatu zomwe ndinamangirapo kandege kathu n'kukakankhira kumpanda. Phiko lakumanzere lapindika kunsonga. Ndi lomwe lija tinavutika nalo m'galaja nthawi yachisanu, iwe utagwira chitsulo kuseri, ine ndikukhoma mpaka makutu kulira.

Usachite kundikumbutsa, ndikudziwa. Unati tigule zikhomo zenizeni za ndege, zokhoma zitatuzitatu mopingasa, ndi zingwe zosatamuka. Ine ndinakakamira kuti zopotoka zija zomangirapo agalu n'chimodzimodzi. Orval akuti, "Wendell, dothi likanyowa zimenezo zimazuka ngati karoti. Umayesa ndege ndi galu?" Nkhalamba imeneyo yaseka mpaka kutsokomola.

Zaka zisanu ndi chimodzi tikumanga chinthu chimodzi! Ndatopa ine.

Chonde kagule zija unanenazi, ndi zingwe zomwe, undipeze nazo konko. Akuti mphepo ibweranso masana. Nyundo yaikulu ndatenga kale.

Galu usamutulutse lero. Chikhomo chake cha kuseri kwa nyumba ndi chomwe ndinamangirapo mchira wa ndege.

Pepa wanga,
Wendell