Belu la Ana ndi Njila ya Ng'ombe

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Pa nazale yathu sandimvela. Ndine wapampando wa makolo, koma nditati ana asamaweluke nthawi imene ng'ombe zikupita kudamu, aphunzitsi aakulu a Nyirenda anati, "Agogo, nthawiyi inachokela ku boma." Sukulu sindinapiteko, inde, koma njila ya ng'ombe za ku Magodi ndimaidziwa.

Lelo belu lowelukila litangolila, mwana wa mnansi wanga Tisa, wa zaka zinayi, wapezeka pakati pa ng'ombe. Mphunzitsi watsopano, Nyazimba, wathamanga n'kumunyamula nkhunzi itayandikila. Pambuyo pake walila kuposa mwanayo. Sindinamukalipile, ndangomupatsa madzi akumwa. Anakulila m'tauni, akanadziwa bwanji?

Koma inu a Nyirenda munabadwila konkuno. Mawa musalize belu ng'ombe zisanadutse. Mukakana, belulo ndikalisunga kwanga.